Chithunzi cha Atate ndi Landilodi

Mpaka lero ndikamadutsa pa mpopi wa kwathu ku Kanyama, azimayi amayamba kutsokomola chifuwa chabodza pobisa kuseka. Sindiwaimba mlandu. Nanenso ndikanakhala iwo ndikanaseka.

Zinayambira pa maliro a aneba athu. Chithunzi chimene anaika pa bokosi anachitenga pa chitupa, ndipo malemuwo, munthu wansangala uja, ankaoneka ngati agwidwa akuba mbuzi. Atate anali atangotuluka m'chipatala, miyendo ili yotupa, ndipo m'nyumba monse munalibe chithunzi chawo chooneka bwino ngakhale chimodzi. Ndinachita mantha kuti adzapita osatisiyira nkhope yawo yeniyeni.

Ndiye ndinakonza zanga mwakachetechete. Ine ndimagulitsa salaula, zovala za kaunjika zija, choncho jekete silinavute: ndinasankha labwino pa belo n'kulisita. Atate ndinawanamiza kuti kutchalitchi akufuna zithunzi za akuluakulu onse (Mulungu andikhululukire, ndine wa kwaya).

"Nanga ba Landilodi bazavala chani?" anafunsa atate.

Landilodi ndi bakha wawo, wamwamuna, wonenepa mopanda manyazi. Anamutcha dzinali chifukwa m'mawa uliwonse amayendera khomo lililonse pa puloti pathu, n'kumasuzumira m'kati ngati mwini nyumba. Chimwalirire amayi, bakhayu ndiye mnzawo wocheza naye, ndipo amadyera m'manja mwawo.

"Batate, iyi ni pikicha ya ulemu," ndinatero. "Bakha sazangenamo."

Ndinamutsekera m'bafa. Ndinapachika nsalu yoyera ya pabedi pa chingwe choyanikira zovala, n'kukhazika atate pampando patsogolo pake. Nkhope imene anandipatsa! Anauma gwa, maso tong'o, ndendende chithunzi cha pa chitupa chimene ndinkachithawa chija.

"Sekaniko pang'ono, batate."

"Niseke chani? Wanimangila munzanga."

Ndinayesa nthabwala, ndinayesa ngakhale kuvina (pa msinkhu wanga uno), koma kunali zii. M'bafa namo Landilodi ankamenya chitseko cha malata ndi mapiko. Phokosolo linaitana azimayi a pa mpopi, omwe anasiya zidebe n'kubwera kudzaonerera, aliyense ndi malangizo ake. Wina anati ndibwerere m'mbuyo kuti nsapato za atate zionekenso.

Ine kupusa, ndinamvera. Inali nthawi ya mvula, ndipo kumbuyo kwanga kunali ngalande yodzaza madzi akuda. Ndikubwerera chambuyo, maso ali pa foni, chitseko cha bafa chinagonja. Landilodi anatulukira ali liwiro, nadutsa pakati pa miyendo yanga, ine n'kungoti khuu chagada m'ngalandemo, chitenje kwina, mwiniwake kwina. Foni yokha ndinaikweza m'mwamba, chala chitakanirira pojambulira, moti inangojambula zithunzi zambirimbiri.

Atandivuula, ndinayamba kuziona. Zambiri zinali za mitambo ndi denga la aneba. Koma panali chimodzi: atate akuseka mpaka misozi, mano awo otsalawo onse ali panja, Landilodi atakhala pamiyendo pawo, mapazi ake amatope atadinda pa jekete langa logulitsa lija. Pakona pake panali mwendo wanga uli m'mwamba, patapata ali lende.

Chiikire maliro a amayi ndinali ndisanawaonepo akuseka chonchi. Ndinayamba kulira, matope ali chuchuchu, azimayi aja n'kumandisisita msana poganiza kuti ndavulala.

Atate anachiyang'ana chithunzicho nthawi yaitali.

"Iyi ndiye uzaike pa bokosi yanga," anatero motsitsa mawu.

"Batate, ni ya ku chalichi..."

"Iwe, ndine ninakubala. Kuchokela pa malilo paja uniyangana monga kalipentala wa mabokosi." Anandigwira dzanja, matope ndi matope omwe. "Na kwendo kwako usakachosemo. Nifuna bantu bakazibe ati nenze na mwana wonikonda."

Chithunzicho ndinakachitsukitsa, ndipo chili pakhoma pabalaza. Atate akadali nafe, Landilodi akuyenderabe makomo ake. Kunama kokha sindinaleke: alendo akafunsa mwini mwendowo, ndimati ndi wa aneba. Koma m'mawa uliwonse ndimachipukuta fumbi, n'kupempha Mulungu kuti chikhalitse pakhoma pomwepo.