Bedi Limene a Jobu Phiri Anapambana

Ku Rimuka konse, komboni ya ku Kadoma m'dziko la Zimbabwe, kunalibe munthu wodziwa kusunga lisiti ngati malemu a Jobu Phiri. Anali ndi chitini cha mabisiketi chodzaza malisiti, kuyambira la njinga imene anagula akuluka nsalu kufakitale, mpaka la machesi a dzulo. Ankati munthu wopanda lisiti ndi mwana wamasiye. Ogulitsa m'masitolo a ku Kadoma akawaona akubwera atapanira chitinicho kukhwapa, ankakumbukira mwadzidzidzi kuti kuseri kuli ntchito.

Akazi awo, mayi Eness, anapirira khalidweli zaka makumi anayi, monganso anapiririra matiresi a m'nyumbamo, amene pakati pake panali patakumbika ngati mgodi wosiyidwa. Msana unkawapweteka kwambiri moti m'mawa ankadzuka atagwira khoma.

Ndiyeno sitolo ina yaikulu inayambitsa mpikisano wamwayi. Wogula thumba la ufa ankalandira kakhadi kokanda, ndipo zithunzi zitatu zofanana zikakhala pamzere umodzi, mphoto inali chinthu chojambulidwacho. A Jobu anakanda ndi chikhadabo. Panatuluka mabedi atatu, kuchokera pangodya yakumwamba kutsikira pangodya yakumunsi.

"Nabanda, msana wanu wapulumuka," anatero, akuvala jekete.

Kalaliki wa pasitolopo, Never, amene Chichewa ankachimva koma ankayankha m'Chishona, anakatembenuza kakhadiko kawiri.

"Sekuru, mzere wopendekeka suwerengedwa."

"Palembedwa pati?"

"Sipanalembedwe kuti umawerengedwa."

"Nanga palembedwa kuti suwerengedwa?"

"Ayi."

"Mwana wanga, ine ndaluka nsalu zaka makumi atatu. Ulusi ngakhale upendekeke, ndi ulusi ndithu."

Never anawauza kuti nkhani za makhadi zimaweruzidwa kunthambi ya ku Chegutu. Ku Chegutu anati ufawo unagulidwa ku Kadoma. Kwa miyezi isanu ndi itatu a Jobu anali pamsewu, mpaka makondakitala a kombi, maminibasi a kumeneko, anayamba kuwasungira mpando wakutsogolo. Mayi Eness ankangowasitira jekete. Anali atadziwa kale kuti amuna awo sadziwa kunena mawu achikondi. Amangodziwa kukangana m'malo mwa munthu.

Pomaliza manejala wa sitoloyo anatopa, nalemba kalata yovomera. Lole inabwera, Rimuka yense anatuluka kudzaona, ndipo anyamata anatsitsa kabedi ka mwana wakhanda. Mayi Eness, a zaka makumi asanu ndi awiri, anakayang'ana kwa nthawi.

"Kodi a Phiri, munakawauza chiyani kusitoloko?"

Cholakwa chinali chakale ngati migodi: kwa otumiza katundu, Aphiri onse ndi khomo limodzi. Kabediko kanali ka a Masauko Phiri a ku Pfupajena, ku Chegutu, ndipo bedi lalikulu linali litatsitsidwa kumeneko. A Jobu anakana kutulutsa kabediko bedi lawo lisanafike. A Masauko anakana kutulutsa bedilo kabedi kawo kasanafike. Awiriwa anakumana, anapeza kuti makolo awo onse anachokera ku Dedza, anamwera tiyi limodzi, anagwirizana kuti wolakwa ndi sitolo, ndipo palibe anagonja. Mwana wa a Masauko anayamba kuyenda. Nkhuku ya mayi Eness inayamba kuikira mazira m'kabediko.

A Jobu anamwalira m'nyengo yozizira, atadwala chifuwa masiku anayi okha. Monga mwa mwambo, katundu wa m'nyumba anatulutsidwa panja kuti olira apeze malo, ndipo mayi Eness anakhala pamphasa pakati pa amayi. Ndi tsiku limenelo pamene lole inaima pachipata, bedi latsopano lili pamwamba, lokutidwa ndi pulasitiki. Sitolo inali itatopanso kachiwiri.

Never anatsika ali ndi fomu m'manja. Ataona anthu, anavula chipewa. Lamulo, anatero chapansipansi, linali lakuti wopambana asaine yekha, ataonetsa chitupa chake.

"Ali m'nyumbamo," anayankha a Masauko, amene anabwera kudzakhuza maliro. "Lowa ukawasainitse."

Mayi Eness anatuluka, amayi awiri atawagwirira, chitini chili m'manja. Munali zonse: kakhadi, lisiti la ufa, kalata ya manejala, matikiti a kombi omangidwa ndi ulusi. Chimene munalibe ndi pakamwa pa mwini wake. Anayesa kukumbukira mmene amuna awo ankayambira mkangano, koma chinatuluka n'chakuti, "Ndine mkazi wawo."

"Gogo, hazviite. Sizingatheke. Andichotsa ntchito."

Palibe anafunsa kuti palembedwa pati. Mayi Eness anayandikira lole, anatambasula dzanja, nadina matiresi ndi chikhatho pamwamba pa pulasitikiyo.

"Ndi ofewadi," anatero, nabwerera pamphasa. Lole inapita ndi bedi lake.

Masiku ano ku Rimuka munthu akapatsidwa katundu wolakwika, amangodandaulira panjira, napita naye kunyumba. Ogulitsa sathawiranso kuseri, ndipo mpando wakutsogolo mu kombi amakhalapo aliyense. Mayi Eness akagula ufa amapinda lisiti bwinobwino ndi kuliika m'chitini, ngakhale sadziwa kuti adzalionetsa yani. Amadzukabe atagwira khoma. Koma akafunsidwa za msana, sadandaula za kuuma kwa matiresi akalewo. Amati dzenje lija analikumba anthu awiri, ndipo munthu mmodzi limamukulira.