Chumuni cha Mayi a Esitere

Lolemba, 6 Okutobala 1913, Chinyonga

Amene alipo: ine, a Matewere omanga nyumba, ndi mbuzi ya apongozi. Mkazi wanga, mayi a Esitere, wapita ndi amayi ake ku Mbayani kukaona khanda. Abwera Lachitatu. Ndikufuna adzapeze khitchini ina.

Maganizowa ndawatenga kunyumba ya mzungu ku Blantyre, kumene bwana wanga Mmwenye wa sitolo ku Limbe amandituma ndi shuga. Kumeneko wophika amaphika chiimirire, utsi nkumatulukira kumwamba mwaulemu. Kuno mayi a Esitere akutsokomola, maso ali psuu. Ndiye padzakhala izi:

chumuni cha njerwa
chitofu chofika m'chiuno
zenera limodzi
thabwa loikapo mbale

Njerwa ndi masheleni 4, ntchito masheleni 3, pamodzi 7. Ndapereka 2. A Matewere akuti anagwirako ntchito pa chumuni cha mzungu wina. Ndikufunsa kuti ankachita chiyani, akuti ankaponda dothi. Basi, koma anachiona pafupi.

Tikutsitsa nsanja ya pamwamba pa moto. Chimanga cha mbewu chimene chimakhala pamenepo ndikuchiika m'bokosi pakhonde. Mafuwa atatu ophikirapo aja ndikuwagubuduzira panja. Akulemera ngati akukana.

Lachiwiri, 7 Okutobala

Ndikuweruka kusitolo, ndikupeza chumuni chandifika m'mapewa! A Matewere akuti maziko amafuna miyala, ndipo mwamwayi apeza itatu pakhomo pomwepa, yolimba kale ndi moto. Aikwirira pansi. Palibe cholipira wonyamula miyala. Ndapulumutsa makobiri atatu.

Chumuni chikuoneka chopendekera ku Limbe. A Matewere akuti chumuni chili bwino, yopendama ndi nyumba.

Mbuzi yaphunzira kutsegula bokosi.

Lachitatu, 8 Okutobala

Abwera. Ndavala jekete kuti ndiwalandire pakhomo la khitchini. Mayi a Esitere akuyang'ana chumuni kuchokera pansi mpaka kudenga, akuyang'ana zenera, akuyang'ana ine. Funso ndi limodzi: "Mafuwa anga ali kuti?"

Ndikufotokoza za maziko. Ndikufotokozanso za makobiri atatu. Ndikuwaonetsa mmene azidzaimira pophika, ndikuvundula m'malere ndi mthiko.

Akutenga miphika, mphasa ndi Esitere, akulowa m'nyumba ya amayi awo kuseri kwa nkhokwe. Ndikuganiza kuti nchifukwa dothi silinaume. Mkazi wanzeru.

Chakudya chamadzulo: chinangwa chachiwisi.

Lachinayi, 9 Okutobala

Tikuyesa moto. Utsi ukutulukira pakhomo, pazenera, m'mphepete mwa denga ndi m'mphuno mwa a Matewere. Pachumuni ayi. Iwo akuti chumuni chatsopano sichidziwa njira, chimafuna kuzolowera.

Amayi awiri ochokera kuchitsime akundipatsa moni wa pamaliro. Wina akufunsa ngati kwathu ndi kutali.

Madzulo akubwera a Filipo, mlongo wa mkazi wanga, amenenso ndi nkhoswe ya ukwati wathu. Akukana mpando. Akundikumbutsa kuti titangokwatirana tinkadya za mumphika wa apongozi, mpaka tsiku limene apongoziwo ananyamula okha miyala itatu ija nkuiika m'khitchini mwathu kuti mwana wawo ayambe kuphika payekha. Ndikukumbukira, zinali mu Juni 1906. Akuti mwamuna akatulutsa mafuwa a mkazi wake panja ndiye kuti wanena mawu, ndipo mudzi wonse wamva.

"Alamu, wotulutsa mafuwa tinamuonapo. Koma wowaika m'manda nkumangapo chipilala, ndinu woyamba."

Ndikunena motsitsa kuti ndimangofuna kuchotsa utsi. A Filipo akutsokomola, akupukuta misozi, akuti aona.

Mawu a apongozi ndi awa: mafuwa abwerere pamalo pake Lamulungu belu la tchalitchi lisanalire. Akapanda kutero, ankhoswe akhala pansi. Ine pano ndine mkamwini. Dothi ndi lawo, khitchini ndi yawo. Wonyamula bulangete ndidzakhala ine, chumuni nkutsala.

Lachisanu, 10 Okutobala

Kusitolo ndikulakwitsa chenji kawiri. Sizinandichitikirepo.

Ndapeza nzeru! Mwala ndi mwala. Ndikutsikira kumtsinje, ndikusankha itatu yofanana bwino, yosalala, yokongola kuposa yakale ija. Ndikuitsuka ndi sopo wa kobiri limodzi.

Mkamwini sayang'anizana ndi apongozi, choncho ndikuima kuseri kwa nkhokwe nkumalankhula ndi nkhokweyo. A Filipo akunyamula miyala ndi mawu anga kupita nazo pakhonde. Zonse ndikumva ndekha, koma ndiyenera kudikira kuti andibweretsere.

Yankho loyamba: miyala ya mumtsinje imaphulika pamoto, kodi ndikufuna kumaliza mwana wawo?

Yankho lachiwiri: ndiibweze kumene ndaitenga, mwina mtsinjewo udzandiphikira.

Ndikumva mayi a Esitere akuseka m'nyumba, kenaka akudzigwira. Chimenechi ndikuchilemba kumbali ya phindu.

Mbewu yatsala theka. Mbuzi yanenepa.

Loweruka, 11 Okutobala

A Matewere akuti palibe chovuta. Tikumba m'mbali, tizule miyala umodziumodzi ngati mano, tilowetse njerwa m'malo mwake, chumuni sichidziwa nkomwe. Mtengo wozula ndi sheleni imodzi. Ndikuwakumbutsa kuti anaikwirira ndi iwo. Akuti kukwirira kunali kwaulere, ndipo ndinathokoza.

Fuwa loyamba likutuluka bwinobwino.

Lachiwiri likutuluka, chumuni chikuwerama ngati chikupereka moni kwa akulu.

A Matewere akuti ndichigwirire ndi msana pamene iwo akukoka lachitatu. Ndikufunsa ngati kwa mzungu kuja ankatero. Akuti kumeneko sanafike pamenepa.

Mayo! Chagwa! Chapita ndi chitofu, thabwa la mbale ndi udzu wa padenga. Ine ndili moyo, jekete ayi. A Matewere ndikuwapeza kuseri kwa nkhokwe, fuwa lili m'manja, akulankhula ndi apongozi maso ndi maso poti iwo si mkamwini.

Padenga pali chibowo choti munthu nkudutsa ndi mtolo wa nkhuni. Ana a mudzi wonse abwera kudzaona. Ndikutulutsa njerwa mpaka dzuwa kulowa. Zamphumphu ndi zochepa.

A Filipo akuti pakufunikanso tambala wopepesera apongozi. Ndilibe. Akundibwereka wawo, akumunyamula okha, ndipo ndikumva kuti akudya nawo.

Lamulungu, 12 Okutobala

Mmamawa ndikusesa, ndikuika mafuwa pakati pa khitchini, motalikirana mofanana, ndayeza ndi chingwe. Belu silinalire.

Mayi a Esitere akulowa ndi miphika. Sakundiyang'ana. Akugwada, akusuntha mafuwa onse atatu, lalikulu kukhoma, lophwanyika pakona kudzanja lamanja. Chingwe changa akumangira nkhuni. Akuti nsanja ibwerere mawa, mbewu yotsalayo isanalowe anankafumbwe, poti chimene chimaiteteza ndi utsi womwewo.

Akukoleza moto atakhala pansi monga kale. Utsi ukukwera mowongoka, ukutulukira pachibowo chija, wonse. Sakutsokomola. Akuyang'ana kumwamba nthawi yaitali.

"Bambo a Esitere, chumuni chanu chayamba kugwira ntchito."

Ndikuti ndifolera mawa. Akuti ndisakhudze kanthu kalikonse m'khitchini muno mpaka mvula, ndipo mvula ikadzabwera ndidzayambe ndafunsa.

Kutchalitchi tikupita limodzi, Esitere pakati. Potuluka a Matewere akundinong'oneza kuti chibowocho ndi ntchito yawo, ndiwonjezereko makobiri asanu ndi limodzi. Ndakana, mwaulemu.

Bulangete langa lili pamalo pake. Ngongole yotsala: a Filipo tambala mmodzi, a Matewere masheleni 6.