Nyundo za Kroke ndi Chala Changa

Lolemba
Aliyense akamva kuti ndikufuna kupatsa ana a Giredi 6 nyundo zamatabwa amagwira kumutu. Ndikumvetsa. Koma kroke ndi masewera ofatsa: umagunda mpira pang'ono kuti udutse pa kachipata ka waya, basi. Zidazi anatisiyira wansembe wina pobwerera kwawo. Ba hedi akuti: "Dontho limodzi la magazi sabata ino, nyundo zonse m'kabati." Magazi satuluka!

Lachiwiri
Malamulo anga:
– nyundo isapitirire bondo
– osathamanga
– wosewera avale nsapato
M'kalasi monse wovala nsapato ndi Tiyanjane yekha. Nsapatozo zikuzungulira mzere wonse, mwini wake wakhala pansi akulira.

Lachitatu
Udzu watalika, mwina muli njoka. Ndikupempha ba Tembo, mlonda wathu, kuti atchetche. Akuti: "Chikwakwa n'cha chiyani, ba ticha, machesi alipo?" Njoka palibe tsopano. Udzunso palibe. Mipira yonse yada ndi phulusa, palibe akudziwa wake.

Lachinayi
Pamalo potenthedwa, mauna a mbewa amaonekera poyera. Ndinaiwala bwanji ine wophunzitsa sayansi? Mudzi wonse wa Chinyunyu wabwera ndi makasu! Maenje ponseponse. Amai Zulu andipatsa mbewa zapampani, akuti: "Bwalo lanu n'lachonde, chaka chamawa mudzatenthenso." Zokoma, ndisaname.

Lachisanu
Kukwirira maenje. Tizipata tonse tasowa, koma kumsewu waukulu kukudutsa magalimoto awaya atsopano, okongola ndithu. Ndikufotokozera ana kuti dzenje n'loopsa kuposa nyundo. Ndikufotokoza ndikuyenda chammbuyo. Bondo latupa, koma ndaliyang'anitsitsa: magazi palibe!

Loweruka
Makolo abwera, ba hedi ali pampando. Tizipata ndi tansungwi. Ana akusewera mofatsa mpaka misozi ikulengeza m'maso mwanga. Kenako ba hedi aimirira, akufuna kuyesako. Nyundo aikweza kupitirira mutu ngati akuwaza nkhuni. Mkulu sumukuwira pagulu, choncho ndikuyandikira kuti ndiwanong'oneze mwaulemu za bondo.
Chala changa chachikulu cha kuphazi!
Nsapato yadzaza magazi. Ba hedi akupukusa mutu: "Mwaona? Ndinanena ine."

Lamulungu
Nyundo zili m'kabati, kiyi ali m'thumba la ba hedi. Kutchalitchi ndapita phazi lina m'nsapato, lina m'patapata. Ba Tembo andipempherera mokweza, kutchula ndi chala chomwe. Sindikudandaula. Mwana aliyense ali ndi zala zake zonse, ndipo ndicho ndinkafuna. Inunso mukapeza mpata yesaniko, chonde, ndi masewera abwino. Kungoti wamkulu akagwira nyundo, muzimufotokozera muli pakhonde.