Timikanda Topanda Chipani

Lolemba
Zoti zikhazikike ndisanayambe china chilichonse:
– Timikanda tanga ta mankhwala a udzudzu tikhale tofanana kukula. Kakakulu kamachedwa kusungunuka, kakang'ono kamatha mazira asanaswe.
– Sopo akhale wokwanira, madontho asagwirane.
– Alimi a kusikimu ya mpunga ku Lifuwu alole ndiyese m'minda yawo madzi akamalowa sabata yamawa. Akakana, abwana ku Lilongwe atseka kachipinda kanga koyeseramo mankhwala, ine ndibwerere kokayeza matumba a mbewu.
Mtima uli m'mwamba.

Lachiwiri
Zikutheka! Phala la chinangwa losakaniza ndi mafuta a nimu likudontha pa kapayipi ka diripi, kugwera m'mafuta othira sopo. Dontho lililonse ngati linzake. Ndayeza, ndayezanso. Vuto limodzi: timikandati m'madzi sitikuoneka, ndipo mlimi sakhulupirira chimene sakuchiona. Ndithira utoto. Pashelefu pali wachikasu.

Lachitatu
Komiti ya alimi yafika. Ndikufotokoza kuti timikandati timasungunuka tokha, sitisiya chinyalala m'nthaka. Palibe akumva. A Phiri, apampando, maso ali pabotolo: "Achimwene, chikasuchi wakutumani ndani?"
Mtundu wa chipani! Ine mutu wonse unali pa udzudzu.

Lachinayi
Ndasintha, tsopano tobiriwira. Theka lina la komiti lapsa mtima. Mayi Nabanda: "Tidavota kuti zimenezi zithe, lero mukazithire mumpunga wathu?"
Utoto watsopanowu sukugwirizananso ndi sopo. Tina tatupa ngati nandolo.

Lachisanu
Buluu: ali ndi eni ake.
Ofiira: akuti akuwakumbutsa malaya a anyamata aja ankaumiriza anthu kugula makadi a chipani pamsika.
Kukoleji tidaphunzira zambiri za madontho. Izi ayi.

Loweruka
Ndabwerera ku topanda mtundu. Tofanana bwino, tokongola kuposa tonse. A Phiri akugwedeza botolo padzuwa: "Awa ndi madzi a m'nyanja, achimwene." Komiti yonse yaseka. Chiyambire sabata, lero ndiye agwirizana.

Lamulungu
M'tchalitchi ulaliki wandidutsa. Ndimangoyang'ana zitenje za amayi, kufunafuna mtundu wopanda mwini. Pobwerera ndapeza kutentha kwa Salima kwayamba kusungunula timikanda m'mabotolo, ndendende monga ndidatipangira. Ntchitoyi ilibe cholakwa, yangosowa munda.
Ndalembera abwana, kalata ipita ndi minibasi yam'mawa: "Kodi bulauni ali ndi chipani? Chonde yankhani msanga, madzi asanalowe."