Mfuti Yosapuma ya Bwana Saidi

Sindine munthu wolankhulalankhula. Nkhaniyi ndikuilemba chifukwa anyamata a m'chipinda chathu akuifotokoza mokhotetsa. Ena akuti ndinalira. Ena akuti ndinaluma mfuti. Sindinalire. Za kulumazo tifikako. Ngati munandionapo ndikuseka chotseka pakamwa, dzino lakutsogolo ndi lobenthuka, ndipo linabenthukira komweko.

Ntchito yanga ndi ya ulonda. Ndimaima pakhomo la sitolo ina yaikulu ku Downtown kuno ku Dubai, kuyambira m'mawa mpaka miyendo itayamba kudandaula yokha. Kukhala pansi n'koletsedwa. Kutsamira khoma n'koletsedwa. Mawondo anga anakalamba ine ndisanakalambe.

Mlongo wanga Esinati amalera ana kunyumba kwa Mwarabu wina, bwana Saidi. Bwanayu ali ndi famu kuchipululu. Kuli ngamila, agalu osaka, ndi kanyumba ka mlonda. M'kanyumbamo muli mpando. Mlonda wakale anali atabwerera kwawo, mpandowo unali wopanda mwini.

Lamlungu lina tikutuluka m'tchalitchi ku Bur Dubai, Esinati anandikoka dzanja.

"Achimwene, ndakupezerani mpando."

"Wa chiyani?"

"Wokhalapo. Abwana akufuna mlonda wa kufamu, koma wodziwa nyama ndi mfuti. Ndawauza kuti ndinu mlenje."

"Ine?"

"Nanga simunkapita ku uzimba ndi amalume?"

"Ndinkagwira agalu."

"Basi, ulenje wake ndi womwewo. Kodi akawafunsa agaluwo?"

Anati bwanayo akupita ndi anzake kudziko lina lozizira kukasaka agwape, ndipo akufuna kusankha mfuti. Anditenga kuti ndikamuthandize kusankhako. Akakhutira nane, mpando ndi wanga.

Sindinakane. Mfuti ndinkaidziwa, imodzi. Amalume kwathu ku Ntchisi anali ndi gogodela, yaitali, yomangidwa ndi mphira pothyoka. Ankathira wonga kukamwa kwake, n'kuika kachisanza, n'kuponyamo timisomali toduladula, n'kutsindira ndi chitsulo chachitali chimene chinkakhala kunsi kwa mpope. Ine sindinaiwombepo. Koma ndinkaona zonse, ndipo malamulo awo ndinawasunga. Mfuti ya mwamuna ukaiimika pansi izifika pachibwano. Mfuti yomwe inaphapo imanunkha. Ndipo lalikulu: usanaikhulupirire, uzira mpweya kukamwa kwake, utulukire pakabowo ka kumbuyo. Mfuti yabwino imapuma. Yosapuma imaphulikira mwini wake. (Amalume anali ndi zala zonse khumi mpaka m'manda, choncho musaseke.)

Tsiku langa lopuma bwana Saidi ananditenga pasiteshoni ya sitima ya Metro. Munthu waulemu, wonunkhira bwino, mkanjo woyera osaoneka ndi kadontho komwe. M'galimoto munkazizira ngati m'mochale. Chingerezi changa ndi cha pakhomo: kulonjera, kuloza chimbudzi, kuletsa kujambula. Iye ankalankhula zambiri, ine ndinkagwedeza mutu pamene akuoneka kuti wamaliza.

Kenaka anandionetsa gwapeyo pafoni. Ndinayang'anitsitsa. Gwape wa kwathu amalingana ndi mbuzi. Uyu anali ngati ng'ombe itasenza nkhuni pamutu, itaima pa ufa woyera.

"Kwanu mwapha ambiri otere?" anafunsa.

"Ana ake," ndinatero.

Anaseka, n'kundimenya paphewa. Sindinadziwe kuti ndanena chiyani chabwino.

Tinafika pamalo ena kunja kwa mzinda pamene anthu a ndalama amaphunzira kuwombera. Kuno mfuti sugula ngati khasu. Umayamba waiona, kuigwira, kuiyesa pamaso pa eni malo, zina zonse pambuyo. Pakhomo panali mlonda wakuda, wamapewa ngati chitseko. Anandiyang'ana nkhope, n'kuyang'ana nsapato.

"Muli bwanji, ba mudala? Ndimwe a ku Malawi, ai? Ine ndine Daliso, wa ku Chipata."

Ndinamuyankha mwachidule. Ndinali mlenje tsiku limenelo, sindikanacheza ndi alonda.

Mkati munali bambo wa ku Pakistan wa ndevu zopesa, woyang'anira mfuti. Anayala nsalu yobiriwira patebulo n'kugonekapo zitatu. Iliyonse ankaitsegula, kusuzumiramo, kutionetsa, n'kuitseka. Ine ndinkaganiza kuti akudzionetsera. (Pambuyo pake ndinamva kuti amationetsa kuti mulibe chipolopolo. Bwenzi atangonena.)

Mfuti zake zinandisokoneza. Zonse zinali ndi chogwirira chopindika kunsi, ngati cha ketulo. Bambo uja anachikankhira pansi n'kuchibweza, khwa khwa, ngati akupopa mjigo. Anafotokoza kuti ukatero chipolopolo chakutha chimatuluka, chatsopano n'kulowa chokha. Bwana Saidi anati mfuti za mtundu umenewu ndi zimene amazikonda, zopepuka, zabwino m'nkhalango yothithikana. Vuto linali kusankha: ina ya chipolopolo chachikulu chogwetsa nyama pomwepo koma yokankha phewa, ina yofatsa, ina yokhala ndi galasi loyang'aniramo pamwamba.

"Yala, habibi," anatero bwana Saidi, kutanthauza kuti tiye, bwenzi langa. "Mlenje aone."

Ndinanyamula yoyamba. Kunsi kwa mpope kunali mpope wina. Ndinati eya, chitsulo chotsindira chimakhala umu. Ndinakoka. Sichinatuluke. Ndinapotokola. Sichinatuluke. Ndinapanira mfutiyo pakati pa mawondo n'kukoka ndi manja awiri. Bambo wa ndevu anatsokomola n'kunena kuti mmenemo ndi mogona zipolopolo.

"Ndimayesa kulimba kwake," ndinatero.

Bwana Saidi anagwedeza mutu mwaulemu. Izi zinandiopsa kuposa akanaseka.

Ndinagwira chogwirira cha ketulo chija n'kukankha. Mfuti inang'ambika pamwamba, chitsulo china n'kutulukira kumbuyo ngati lilime. Ndinati ndathyola katundu wa eni, ndigwira ntchito ku Dubai mpaka imvi. Ndinabweza msangamsanga kuti asaone, chogwiriracho n'kundipana chala. Sindinakuwe. Ndinangoyang'ana kudenga, misozi n'kubwera yokha. (Ndi pamenepa pamene anyamata aja akuti ndinalira. Kulira ndi kwina, kutuluka madzi m'maso ndi kwina.)

Apa ndinaona kuti za ketulozi sindizitha. Ndinabwerera ku malamulo a amalume. Ndinaimika mfutiyo pansi, thako lake pa matailosi. Inandifika pamchombo. Yachiwiri, pamchombo. Yagalasi ija inayesetsa, inafika pa nthiti.

"Za ana," ndinatero.

"Za ana?" anafunsa bwana Saidi.

"Zazifupi."

Anatembenukira kwa bambo wa ndevu n'kuyamba kukambirana naye zautali wa mpope, mokweza mawu, manja ali m'mwamba. Zinaoneka kuti ndakhudza nkhani yeniyeni imene alenje amakanganirana. Ine sindinkadziwa kuti ndi iti. Koma ndinauona mpando uja ukuyandikira, ndipo ndinalimba mtima. Kulimba mtima kumeneku ndi kumene kunandipweteka.

Ndinanunkhiza yoyamba. Mafuta okhaokha, ngati makina osokera. Sinaphepo kanthu. Ndinanunkhiza yachiwiri, chimodzimodzi. Bambo wa ndevu anasiya kukangana n'kuyamba kundiyang'ana ndi diso limodzi. Anatambasula dzanja kuti ndimubwezere. Ine ndinamuonetsa chikhato kuti adikire. Lamulo lalikulu linali lisanachitike.

Ndinaimika yofatsa ija pansi. Ndinawerama, chifukwa ndi yaifupi. Ndinaika pakamwa panga pakamwa pake. Ndinauzira.

Mpweya sunatuluke. Ndinati mwina kabowo ka kumbuyo katsekeka ndi mafuta. Ndinatsitsa dzanja kukakafufuza, mlomo ukadali pampope, zala zikupapasa pafupi ndi kachitsulo kokhethemulira.

Zimene zinatsatira sindinazione bwino. Ndinamva bambo wa ndevu akukuwa m'chilankhulo cha kwawo. Ndinamva bwana Saidi akuitana dzina la Mulungu. Mzungu wina amene ankasankha zotseka m'makutu anagona pansi chafufumimba. Kenaka khoma linandigwera kuchokera kumanzere. Khomalo linali Daliso. Mpope unagunda dzino, ine n'kukagwera pansi pa tebulo, munthu wa ku Chipata atandikhalira pamsana.

"Osachita so, mudala! Osachita so! Muli na bana!"

"Choka! Ndikuyesa mfuti!"

"Yeserani kwinangu, osati pa shifiti yanga!"

Ananditengera m'kachipinda ka mipando yofewa. (Ndinakhala. Tsiku lonselo chabwino chinali chimenechi.) Anandipatsa madzi ndi thonje la pakamwa. Kunabwera mayi wina wamkulu wa pamalopo, wolankhula motsitsa ngati nesi. Daliso anaima pambali kuti azimasulira. Bwana Saidi anakhala pafupi nane atandigwira bondo.

"Bafunsa ati muli na mavuto ku nyumba?" anatero Daliso.

"Ndani alibe?"

"Mudala, nikakamba izo simuzachoka muno."

Koma funso limenelo ndinali nditalimva ndekha, ndipo sindinaone chobisa. Ndinawauza m'Chingerezi changa kuti mavuto alipo ambiri. Denga likudontha. Mwana wamkulu analephera mayeso. Mawondo. Mayi uja anagwira pamtima. Bwana Saidi anafinya bondo lomwelo lopwetekalo.

Sindinkamvetsa chifukwa chake nkhani yachoka pa mfuti n'kufika pa denga langa. Ndinayesa kuibweza. Ndinauza Daliso kuti awafotokozere kuti kwathu timatero, amalume ankatero nthawi zonse asanapite kutchire.

Anamasulira. Mayi uja anafunsa kanthu.

"Ati bali kuti ba malume banu?"

"Anamwalira."

Bwana Saidi anatseka maso.

"Ndi chifuwa!" ndinakuwa. "Uwauze kuti ndi chifuwa!"

Anawauza. Palibe anaoneka kuti wakhulupirira. Ndi pamenepo pamene zinandifikira m'mutu, mochedwa, zimene anthuwa ankaganiza kuti ndimafuna kuchita. Ndinachita manyazi mpaka m'makutu. Ine, munthu woti ndimafuna mpando basi.

Ndinaimirira n'kufotokoza zonse ndi manja: wonga, chisanza, kutsindira, kabowo, kupuma. Bambo wa ndevu, amene anali atasuzumira pakhomo, anamvetsera mpaka kumapeto. Kenaka ananena pang'onopang'ono, ngati akuuza mwana, kuti mfuti zimenezi zilibe kabowo ka kumbuyo, ndipo kuti mfuti iliyonse, ngakhale yopanda kanthu, kukamwa kwake sikuloza munthu. Makamaka mwini mutu.

"Nanga imapumira pati?" ndinafunsa.

Anangoti, "Khalasi," ndiye kuti basi zatha, n'kutseka chitseko.

Pobwerera bwana Saidi sanatchule za famu. Anaima panjira n'kundigulira tiyi wa mkaka, amene sindinathe kumwa chifukwa cha dzino. Anandipatsa bokosi la tende, zipatso zotsekemera za kuno. Potsika anandigwira manja onse awiri.

"Habibi, moyo ndi wabwino."

Ndinavomera. Sindinanenepo kuti ndi woipa.

Ndisanafike ndi kuchipinda komwe, foni inalira. Esinati.

"Achimwene, mwachita chiyani?"

"Ndayesa mfuti."

"Ndi mano?"

"Ndi mpweya. Ngati amalume."

"Amalume! Gogodela ija inali paipi ya madzi, achimwene! Pano madamu akundifunsa ngati kumtundu kwathu zimachitikachitika. Andilanda mpeni ndikusenda anyezi!"

"Unati ndine mlenje ndiwe."

"Ndinati mlenje. Sindinati woimba chitoliro."

Anadula foni.

Za mpando ndinamva patapita milungu ingapo. Bwana Saidi anati sanaonepo mlonda wachangu ngati amene anandigwetsa uja. Anabwerera komweko n'kukamutenga. Daliso ndiye ali kufamu tsopano. Nambala yanga anaipeza kwa Esinati, ndipo amanditumizira zithunzi. Pachithunzi china wakhala pampando uja, miyendo ili pa ndowa, ngamila ikusuzumira pawindo. Pansi pake analemba kuti, "Zikomo ba mudala, Mulungu akudaliseni. Dzino ili bwanji?"

Mfuti bwanayo anasankha yofatsa ija, yomwe ndinaiuzira. Akuti anaipukuta kaye kwambiri. Anapita nayo kudziko lozizira lija, ndipo Esinati anandionetsa chithunzi: bwana Saidi atavala chijasi, atagwada pambali pa ng'ombe yosenza nkhuni, mfuti ya ana ili pamwendo. Zala zake ndinaziwerenga. Zonse zilipo.

Ine ndikadali pakhomo la sitolo, chiimire. Ndinaphunzirapo kanthu: chinthu cha eni chimene sindikuchidziwa, manja ndimaika kumbuyo, pakamwa n'kutseka. Anyamata a m'chipinda akagula ketulo yatsopano amandibweretsera kuti ndiiuzire.

Koma asanapite ulendo wina, Esinati, uwauze abwana akowo asamale. Ine ndinauzira ndi mphamvu zanga zonse. Mfuti ija sipuma.