Mabawuti a Alamu Anga

Nkhani iyi ndi yamanyazi, koma ndiinena ndekha ena asanaithire mchere.

Ndinagula kit car, ija imabwera m'mabokosi: thupi lokha, injini ndi zina ukachotse m'galimoto yakale, ati donor. Anthu a pa villa pathu ku Al Barsha, kuno ku Dubai, anaseka. Ine dalaivala, ati sipanala ndinaigwira liti? Ndinati muona!

Mnzanga Tembo wa ku Chipata analonjeza kundipezera donor. "Boyi, izabwela Saturday, ya white."

Loweruka nditadzuka, panja pali galimoto yoyera, makiyi pa tayala. Ndinati yalla, ntchito iyambe.

Masana mayi a kunyumba anaimba ali kuntchito ku mall.

"Bambo a Amina, galimoto mwaiona?"

"Ndaiona, ndayamba kale!"

"Muisamaletu."

"Kwambiri. Chilichonse ndikuika pamalo pake."

Mipando pansi. Zitseko pansi. Neba wathu wa ku Pakistan anasuzumira pampanda: "Bhai, galimoto yabwino chonchi, why?" Ndinamuuza kuti nsanje siimanga galimoto. Pofika folo koloko injini inali lende pa tcheni, ine thukuta kamukamu, ndikudzijambula.

Kenako hutala. Lole ya recovery pageti, pamwamba pake chigalimoto chadzimbiri, Tembo akukupiza mkono.

"Boyi, donor yako iyi! Nanga iyo wapasula ni ya ndani?"

Nthawi yomweyo mayi a Amina akutsika taxi. Chikwama chinagwa chokha.

"Galimoto ya achimwene anga! Aisiya m'mawa popita kumudzi kuti tiwasungire!"

Koma ine nkhope sindinagwetse.

"Mayi, iyi ndi full service. Alamu anga ayendere galimoto yosayang'anidwa m'kati?"

"Abwera Lachisanu. Khalas, nkhani yatha!"

Masiku asanu ine ndi Tembo tinabwezera chilichonse, dzuwa la Dubai likutiwotcha ngati mbewa. Galimoto inalira! Koma pansi panatsala mabawuti leveni, osadziwika kwawo. Ndinawaponya m'thumba.

Alamu atafika anaizungulitsa pang'ono, ine pambali ndikupemphera chamumtima, dzanja lili pachitseko.

"Alamu, mwaitani galimotoyi? Ikuyenda mopepuka bwanji!"

Ndinagwira thumba kuti lisalire. "Tinachotsako zolemera zosafunika, alamu."

Mmisiri salakwa, amangotsala ndi ma spare.