Tsiku Limene Ndinagulitsa Mai Mwale

Nkhani iyi ndimabisira ngakhale ana anga, koma poti Maglas yonse, komboni yathu ya pamgodi, ikuidziwa kale, imvani kwa mwiniwake.

Ndine wazaumoyo wa m'dera, ife oyenda khomo ndi khomo ndi chikwama cha mankhwala. Alawansi yathu itasowa kwa miyezi, tinapangana zokaima pageti la ofesi ndi zikwangwani. Anazilemba ndi Mai Mwale, mnzanga wa ponda apa nane mpondepo. Tinalumbirirana kuti wina akagwidwa asatchule mnzake, ndipo amene anakweza mawu kwambiri polumbira ndinali ine.

Tisanamalize nyimbo yachiwiri, lole ya apolisi inatulukira, zibonga zili m'manja. Mkulu wawo anatipatsa mphindi zisanu kuti tibalalike. Ine inandikwanira imodzi.

Koma panali bambo wina amene ndinkamukayikira kuyambira m'mawa. Magalasi akuda, osaimba nafe, maso ali pa ine ndi chikwama changa. Ndiye nsapato! Munthu wa pamgodi nsapato zake siziwala choncho. Ndinati basi, CID uyu.

Ndinakhotera kumsika, iyenso kumsika. Ndinaima ngati ndikugula tomato, iye n'kuima ngati akuona foni. Mantha anandigwira zenizeni, ndinayamba kudziona ndili m'chitokosi, nkhuku zanga zikufa ndi njala kunyumba.

Anandipeza kuseri kwa butchala. Anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu.

"Pamusoroi mhamha, pepani mayi, ndili ndi ka-issue. Zithere pakati pa awirife."

"Bwana, si ine!" ndinakuwa. "Ine ndangotsatira gulu! Zikwangwani analemba ndi Mai Mwale, ngakhale penti ndi yawo!"

"Mhamha, dikirani kaye..."

"Amakhala kuseri kwa mzikiti, geti lobiriwira! Simungasochere!"

Bamboyo anavula magalasi, thukuta lili kamukamu.

"Ini handisi mupurisa, sindine wapolisi ayi, ndine driver wa ku mine. Ndimangofuna makondomu a m'chikwamamo. Ku clinic amandidziwa, ndimachita manyazi."

Kumbuyo kwanga wina anatsokomola. Potembenuka, ndinaona Mai Mwale akudzuka kuseri kwa mabini kumene anabisala, chikwangwani atachipinda m'khwapa. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Apatseni, asisi," anatero mofatsa. "Muwauzenso kuti galu wanga saluma, asavutike pobwera kudzandimanga!"

Kuyambira tsiku limenelo, munthu akandinong'oneza ndimayamba ndatsegula chikwama, pakamwa pambuyo.